MBIRI YA MBEU ZOPACIKA KUTSINDWI

M'caka ca 1859 Dr. David Livingstone ndi anzace anakwera mtsinje wa Shire, nalowa m'dziko la Amang'anja. M'buku limene iye ndi mphwace Charles analemba pambuyo pace muli mau ambiri onena za minda ya anthu aja. Alendowo anaona mapira, nyemba ndi nsawa zocuruka. Anaonanso maungu, minkhaka, cinangwa, mbatata, mpunga ndi fodya, ndipo analemba kuti cimanga cinali kulimidwa caka conse, ndiko kunena kuti mvula ikatha anthu anali kutsikira kumadimba. Thonje nalonso linalipo, lacilendo ndi la eni dziko. Lacilendo analicha thonje manga, ndipo la eni dziko analicha thonje kadja.

Masiku amenewo kunalibe sitolo yogulitsa mbeu, kunalibe mlangizi wa Boma, kunalibe ngakhale kapepala kolembapo dzina la mbeu. Komabe caka ndi caka, mvula yoyamba ikagwa, banja liri lonse linali kuturuka ndi kanthu kobzala m'manja. Nkhondo zinadza, anthu anagwidwa ukapolo, midzi inasamuka, dzombe linagwa, koma mitundu ya mbeu inapulumuka. Nchito imeneyi siinalembedwe m'mabuku a mbiri monga zinalembedwa nkhondo za Mpezeni ndi maulendo a Azungu, cifukwa oicita ambiri anali akazi, ndipo anaicitira m'nyumba yophikira, pakati pa utsi.

Cinthu coyamba cimene cidabwitsa munthu wofunsa mbiri imeneyi ndi cakuti mbeu zambiri zimene lero zichedwa za makolo sizinabadwire m'Afrika ai. Za kuno kweni-kweni ndizo mapira, mawere, macewere, khobwe, nzama ndi mavwende. Cimanga kwao ndi ku Mexico, kumene anthu anaciweta kucokera ku udzu wa kuthengo zaka ngati 9,000 zapitazo. Nsawa, cinangwa, nyemba, maungu, tsabola, matimati ndi fodya, zonsezi kwao ndi ku America, ndipo zinaoloka nyanja pambuyo pa ulendo wa Columbus wa 1492. M'zaka za m'ma 1530 Apwitikizi anali atakhazikika ku Sena ndi ku Tete pa mtsinje wa Zambezi, ndipo pambuyo pace amalonda a Ciyao ndi a Ciswahili anali kuyenda pakati pa nyanja yamcere ndi dziko la kumtunda. M'njira zimenezi mbeu zinayenda pang'ono-pang'ono, m'thumba la wamalonda, m'kansaru ka mlendo. Dzina la cimanga lisunga cikumbutso ca ulendowo, pakuti ndi manga yemweyo wa thonje lija. Pa Ciswahili Manga ndilo dzina la dziko la Aluya, ndipo kwa anthu a kumtunda cinthu ca manga ndico cinthu cocokera kugombe.

Nanga mlendo wotere anasanduka bwanji mwini mudzi? Anasanduka cifukwa ca kusankha. Mbeu yofika m'dziko latsopano ikumana ndi mvula yina, nthaka yina ndi tizirombo tina. Mapesi ena afa, ena abereka pang'ono, ena abereka bwino. Ndipo mkazi amene atenga mbeu yace pa obereka bwino okha-okha, nacita comweco zaka makumi-makumi, iye ndi ana ace ndi adzukulu ace, apanga mtundu watsopano ngakhale sadziwa kuti ali kuupanga. Akatswiri a m'masukulu akuru acita cimodzi-modzi, kusiyana kwace nkwakuti iwo alemba m'buku.

KUSANKHA KWA AKAZI

Kusankhako sikunali kwa cisawawa. Pa nthawi yokolola, cimanga cisanalowe m'nkhokwe, mai wa pabanja anali kupatula ngala zazikuru, zodzala mpaka kunsonga, za mizere yoongoka, zimene makoko ace anaphimba bwino osasiya khomo la nankafumbwe. Ngalazo anazimanga zikonyo ndi makoko ace omwe, nazipacika kutsindwi pamwamba pa moto. Utsi wa tsiku ndi tsiku unaziumitsa, mwaye unazikuta, ndipo tizirombo tinacita nazo mantha. Pofika nthawi yobzala anatonola njere za pakati pokha. Za kunsonga ndi za kutsinde zinapita kumtondo kapena kwa nkhuku.

Koma cimene mkazi anali kufuna koposa cinali kulimba kwa njere. Cimanga ca makolo ndi ca njere zolimba ngati mwala, zoburungira pamwamba, zonyezimira. Pokonola mumtondo gaga acoka bwino, koma njere siinyenyeka, ndipo mphale icuruka. Mphaleyo ikabviikidwa ndi kusinjidwa ituruka ufa woyera umene Acewa aukonda. Cimanga cofewa cinyenyeka pansi pa munsi, ndipo ufa wace wambiri utayika pamodzi ndi gaga. M'nkhokwe namonso colimbaco cikhalitsa, cofewa cifumbwa msanga. Motero mkazi sanali kuwerenga zokolola pamunda monga acita mwamuna wonyada ndi ngolo zace. Iye anali kuwerenga ufa umene udzafika m'mphika mwezi wa Januwale ndi Febuluwale, pamene njala iri pakhomo. Akatswiri a ulimi anatha zaka zambiri asanazindikire masamu amenewa.

Mbeu iri yonse inali ndi kasungidwe kace. Nsawa zinasungidwa ndi makoko ace, osaswa kufikira masiku obzala, pakuti khoko ndilo nyumba yace. Khobwe, nyemba ndi nzama zinasakanizidwa ndi phulusa, nizithiridwa m'cipanda kapena mumtsuko, ndipo pakamwa pace anamatapo ndi dothi kuti mpweya ndi cinyezi zisalowe. Ngala za mapira ndi mawere zinapacikidwa mu utsi monga cimanga. Dzungu linali kuyesedwa pakamwa: likakhala lotsekemera ndi laufa, nthanga zace zinatsukidwa ndi kuyanikidwa, likakhala lamadzi-madzi, nthanga zace zinakazingidwa ndi kudyedwa, ndipo mbumba ya dzungulo inathera pomwepo. Kudimba anali kusiya mitengo ingapo ya mpiru yonenepa, osathyola masamba ace, kuti icite maluwa ndi kubereka njere. Bonongwe, luni ndi denje sizinafune ngakhale zimenezo. Wopalira anangozilambalala ndi khasu, ndipo zinadzifesa zokha.

Cina cimene mlendo anaciyesa umbuli cinali kusakaniza. M'phando limodzi munalowa cimanga ndi dzungu, m'mbali mwace khobwe kapena nyemba. Ndipo nyembazo sizinali za mtundu umodzi. Ofufuza amene anayendera minda ya kumpoto kwa Malawi m'zaka za m'ma 1980 anapeza kuti banja limodzi likhoza kubzala nyemba za mitundu yoposa 10 pamodzi, zofiira, zoyera, zamawanga, zoyanga ndi zosayanga. Nzeru yace iri poyera. Mitundu yina ica msanga, yina icedwa. Yina ipirira dzuwa, yina ipirira mvula yambiri. Nthenda yogwira uwu isiya uwo. Munda wotere subereka zodabwitsa caka cabwino, koma caka coipa suturuka manja okha. Masamba a dzungu aphimba nthaka kuti isaume, ndipo mizu ya khobwe ndi nyemba ibwezera cakudya m'nthaka cimene cimanga cacotsa.

Mbeu siinali kugulidwa kawiri-kawiri. Inali kupemphedwa. Pa mwambo wa cikamwini, pamene mwamuna ndiye apita kukakhala kwa mkazi, mwana wamkazi analima pafupi ndi amace, natenga mbeu zace zoyamba m'manja mwao. Cotero mtundu wa nyemba kapena wa mapira unatsata mbumba monga munda womwe. Mlendo woona dzungu labwino anapempha nthanga, ndipo kummana kunali manyazi. Pa caka ca njala anthu anapita kukasuma kutali, anadya mizu ndi zipatso za kuthengo, koma zikonyo za kutsindwi zinali zomariza kukhudzidwa. Banja limene linafika pakudya mbeu yace, anthu anadziwa kuti njala yace siidzatha ndi caka cimodzi.

Asayese munthu kuti zonse zinali zokoma masiku aja. Cimanga ca makolo cinali cacitali, cocedwa kuca, cogwa ndi mphepo, ndipo zokolola zace pa munda waukuru zinali zocepa. Mapira anafuna ana oingitsa mbalame kuyambira m'mamawa kufikira madzulo. Makoswe ndi moto wa nyumba zinaononga mbeu za mabanja ambiri. Njira imeneyi inakwanira pamene anthu anali ocepa ndi thengo linali lalikuru, pamene munda wotopa unali kusiyidwa kuti ugone.

CIMANGA CA M'MAFAMU

Kusintha kunadza ndi njanji ndi migodi. Azungu a m'mafamu ku Southern Rhodesia ndi m'mbali mwa njanji ya Northern Rhodesia sanali kulima cimanga ca mtondo. Iwo anafuna cimanga cogulitsa, coyera, cofewa, copita kucigayo, ca kudyetsa anchito a m'migodi ndi kutumiza kunja. Anaitanitsa mitundu ya ku America, ndipo wodziwika koposa unali Hickory King, wa njere zazikuru zaphanthi-phanthi. Pamene migodi ya mkuwa inakula, cimanga cinasanduka ndalama, ndipo m'caka ca 1936 Boma la Northern Rhodesia linakhazikitsa bungwe loyang'anira malonda a cimanga, limene linagawa msika pakati pa Azungu ndi Aafrika mokondera Azungu. Anchito obwerera kwao anatenga njere za kufamu m'matumba a malaya, nakazibzala pambali pa cimanga ca amai ao.

Apa pafunika kufotokoza cibadwa ca cimanga, cifukwa mbiri yonse yotsatira yatsamira pamenepo. Ngaiyaye ya pamwamba pa phesi ndiyo mwamuna, ndipo ndevu za pa ngala ndizo mkazi. Mphepo itenga mungu wa ngaiyaye niugwetsa pa ndevu za mapesi ena, ngakhale a m'munda wa mnansi. Cifukwa cace cimanga sicisunga mtundu cokha monga zicita nsawa ndi nyemba, zimene duwa lace lidzikwatira lokha. Munda wa cimanga uli ngati mudzi wa pamseu: mwazi wa alendo ulowamo caka ndi caka.

Ku America, m'caka ca 1908, George Shull anaonetsa cinthu cacilendo. Munthu akakakamiza phesi kudzikwatira lokha, pomanga timatumba pa ngaiyaye ndi pa ndevu, nacita comweco mibadwo ingapo, cimangaco cicepa ndi kufoka, koma ana ace onse afanana ngati mapasa. Tsono akakwatitsa mabanja awiri ofoka otere, osiyana mwazi, mwana wao woyamba aturuka wamphamvu kuposa makolo onse. Ameneyo ndiye haibulidi. Ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, H. C. Arnold anayamba nchito yotereyi m'caka ca 1932. Haibulidi woyamba wa kumeneko anaturuka mu 1949, ndipo mu 1960, Alan Rattray atapitiriza nchitoyo, kunaturuka SR52. Cimanga cimeneci cinamveka dziko lonse, pakuti cinali mwana wa makolo awiri okha, cinthu cimene ambiri anayesa kuti sicingapindule pa malonda. Pa nthaka yabwino, ndi fataleza wokwanira ndi mvula yaitali, cinabereka zimene alimi a kuno anali asanazione.

Koma mphamvu ya haibulidi iri ya mbadwo umodzi. Mlimi akasankha ngala zabwino za m'munda wa haibulidi, nazipacika kutsindwi monga mwa mwambo, caka camawa zidzukulu zibwerera ku maonekedwe a agogo ao ofoka aja: phesi ili lalitali, ilo lalifupi, ngala iyi yaikuru, iyo yopanda kanthu, ndipo zokolola zitsika. Palibe cinyengo pamenepa. Ndi lamulo la cibadwa limene Gregor Mendel analipeza pa nsawawa za m'dimba lace ndi kulifalitsa mu 1866. Koma tanthauzo lace pa mudzi linali lalikuru. Kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya dziko lino, mbeu yabwino koposa inali imene mkazi sakanatha kuisunga. Makolo ace a mbeuyo anali m'manja mwa ena, kutali, ndipo njira yokha yoipezera inali ndalama, caka ciri conse.

Zambia italandira ufulu mu 1964, Boma latsopano linafuna kuti alimi a m'midzi nawonso alawe phindu limene Azungu analisunga okha, ndipo kufuna kumeneko kunali kolungama. Linatsegula madepoti m'midzi, linapereka ngongole za mbeu ndi fataleza, ndipo bungwe la NAMBoard, lokhazikitsidwa mu 1969, linagula cimanga m'dziko lonse. Pa malo ofufuzira za ulimi a Mount Makulu, ku Chilanga, anasunga makolo a SR52, koma m'kupita kwa zaka mwazi wao unasakanizika ndipo mbeuyo inafoka. Katswiri wa ku Yugoslavia, Dusan Ristanovic, anagwira nchito yoyeretsanso makolowo, ndipo mu 1984 kunaturuka MM752, pamodzi ndi mitundu yina yoca msanga yoyenera alimi ang'ono. Kampani ya Zamseed, yoyamba mu 1981, inacurukitsa mbeuzo. Pofika kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, minda ya cimanga yoposa theka m'Zambia inali kubzalidwa mbeu za makono. Matauni anadya, ana ambiri anaphunzira ndi ndalama za cimanga, ndipo wokana zimenezi akana dzuwa liri pamutu.

Walira mvula walira matope. Haibulidi afuna fataleza, ndipo fataleza afuna ndalama zakunja. Munda wa haibulidi unalimidwa wokha-wokha, m'mizere yoyera, ndipo alangizi ambiri a masiku amenewo anaphunzitsa kuti dzungu ndi khobwe pakati pa cimanga ndizo zizindikiro za mlimi wotsalira. Msika unali wa cimanga, ngongole inali ya cimanga; ana oingitsa mbalame anali kusukulu; cotero mapira, mawere ndi nzama zinabwerera m'mbuyo, ndipo m'midzi yambiri mitundu yace inazimirira popanda munthu woilira maliro. Mbeu siifa ndi phokoso. Ikangopanda kubzalidwa zaka zowerengeka, kapena mwini wace wokalamba akamwalira cipanda ciri citsekere, yatha.

Tsono mtengo wa mkuwa unagwa, Boma linalowa m'ngongole, NAMBoard inathetsedwa mu 1989, ndipo Boma limene linalowa mu 1991 linacotsa cithandizo cambiri ca pa fataleza. Nyengo ya 1991 kufikira 1992 kunagwa cilala coopsa m'maiko onse a kumwera kwa Afrika. Alimi ambiri anapezeka pakati-kati: mbeu ya m'sitolo sakanatha kuigula, ya makolo anali ataitaya. Ambiri anabzala zidzukulu za haibulidi, nakolola zocepa. M'zaka zomwezo kacirombo katsopano koboola cimanga m'nkhokwe, kamene kanalowa m'Afrika kudzera ku Tanzania, kanafika ku Malawi ndi ku Zambia. Kuyambira mu 2002 Boma linabwezanso cithandizo ca fataleza ndi mbeu, cimene mu 2009 cinachedwa FISP. Koma mbeu ya m'thumbalo inali makamaka cimanga ca haibulidi.

Ku Malawi nkhani inayenda mwina, ndipo iri ndi phunziro lace. Kumeneko alimi a m'midzi anakana haibulidi zaka zambiri, kapena anamlima wogulitsa yekha, nasunga cimanga ca makolo ca kudya. Akuru a ulimi anadandaula kuti anthuwa samva. Koma anthu anali kumva bwino lomwe. Cimene anakana cinali njere yofewa. Pomariza akatswiri a ku Chitedze, pafupi ndi Lilongwe, anabvomera kuweruza kwa mtondo, ndipo mu 1990 anaturutsa MH17 ndi MH18, haibulidi wa njere zolimbirapo, wokonoleka. Akazi atamuyesa ndi munsi anamlandira.

Kudimba nako zinthu zinasintha mwakacete-cete. Repu, kabici, anyezi ndi matimati akuru-akuru zinadza ndi timapaketi ta m'sitolo, ndipo msika wa m'tauni unazikonda. Kabici sabereka njere mosabvuta m'dziko lotentha, pakuti afuna nyengo yozizira ndithu asanacite maluwa. Mwini dimba ayenera kugula nthawi zonse. Njere za anyezi zifa msanga, caka cimodzi kapena ziwiri. Paketi yolembedwa F1 ndiyo ya haibulidi, ndipo lamulo lace ndi lomwe lija la cimanga. Koma mpiru, therere, bonongwe, maungu ndi timatimati tating'ono ta kumudzi tibereka ana ofanana ndi makolo, tifuna mankhwala ocepa, ndipo tingathe kusungidwa ndi munthu ali yense amene ali ndi botolo louma ndi phulusa. Ncomvetsa cisoni kuti kwa zaka zambiri ndiwo zimenezi zinayesedwa za amphawi.

NKHOKWE ZOZIZIRA

Anthu ophunzira a maiko ena anali ataona kale kuti mitundu ya makolo ikatha, ngakhale opanga haibulidi adzasowa popangira, pakuti mwazi wopirira cilala ndi nthenda autenga m'mbeu za alimi. Woyamba kucitapo kanthu kwakukuru anali Nikolai Vavilov wa ku Russia, amene anayenda maiko ambiri, ndi Ethiopia yemwe mu 1927, kusonkhanitsa mbeu za m'minda ndi m'misika, nazisunga mu mzinda wa Leningrad. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse Ajeremani anazinga mzindawo kuyambira 1941 kufikira 1944, ndipo anthu mazana a zikwi anafa ndi njala. Ena mwa osunga mbeu zija anafa ndi njala yomweyo ali pakati pa mapaketi a mpunga ndi nsawa, osadyako. Vavilov mwini anafera m'ndende ya Boma lace mu 1943. Mkazi wa ku Katete kapena ku Dedza amene anagonetsa ana ndi njala zikonyo ziri kutsindwi akanawamvetsa anthu amenewa popanda womasulira.

Maiko a kumwera kwa Afrika anamanga nkhokwe yao yotere ndi thandizo la maiko a kumpoto kwa Ulaya. Nchitoyo inayamba mu 1989, ndipo nyumba yace inamangidwa ku Chalimbana, kum'mawa kwa Lusaka. Dzina limeneli alimi a ku Chipata ndi ku Lilongwe alidziwa kale cifukwa ca nsawa zazikuru zija zochedwa Chalimbana. Dziko liri lonse linakhala ndi nkhokwe yace-yace, ya Zambia ku Mount Makulu, ya Malawi ku Chitedze. Osonkhanitsa anayenda m'midzi kupempha mapira, mawere, khobwe, nzama, maungu ndi ndiwo zamasamba. Njerezo ziumitsidwa kwambiri, zitsekeredwa kuti mpweya usalowe, niziikidwa m'mafiriji ozizira koposa madzi oundana. Mfundo yace ndi yomwe ija ya cipanda comata: kuuma, kuzizira ndi kutseka. Mu 2008 dziko la Norway linatsegula nkhokwe yina m'kati mwa phiri la pa zisumbu za Svalbard, yosungira mbeu za maiko onse kuti zina zikaonongeka kwao zipezeke kumeneko. Mu 2015, nkhondo ya ku Syria itatsekereza nkhokwe ya mbeu ya ku Aleppo, eni ace anakatenga zao ku Svalbard, nazibzalanso ku Lebanon ndi ku Morocco.

Nchito imeneyi njoyenera ulemu, koma iri ndi malire. Njere ya m'firiji nayonso ikalamba, ndipo pakapita zaka iyenera kuturutsidwa, kubzalidwa ndi kukololedwanso, zimene zifuna ndalama ndi anthu. Ndiponso njere yogona m'firiji yaima pa caka cimene inalowamo. Kunja mvula iri kusintha, tizirombo tatsopano tiri kufika, monga mbozi zija zinagwa m'minda ya cimanga ya Zambia kumapeto kwa 2016; mbeu imene iri m'munda ikumana nazo, ndipo mlimi asankha zopulumuka. Ya m'firiji siiphunzira kanthu. Ndipo firiji siisunga mau akuti nyemba iyi ipsa msanga pamoto, mapira awa mbalame siziwakonda, dzungu ili masamba ace ndiwo afutsika bwino.

Malamulo nawo ayesa kugwira mbali ziwiri. Pangano la maiko la 2001 lonena za mbeu za cakudya linabvomereza kuti alimi ali ndi gawo lao pa mbeu zimene makolo ao anasunga. Lamulo la Zambia la 2007 linateteza opanga mitundu yatsopano kuti apindule ndi thukuta lao. Koma kuti mtundu ulembedwe m'buku la Boma ndi kugulitsidwa monga mbeu yobvomerezeka, uyenera kukhala wosiyana ndi yina, wofanana wokha-wokha ndi wosasintha. Dengu la nyemba khumi zosakaniza silingapambane mayeso otere, pakuti ubwino wace wonse uli m'kusafanana komweko. Cifukwa cace mbeu za makolo ziyendabe m'njira zao zakale, kwa mnansi, kwa mlamu, pa msika wa m'mbali mwa mseu.

Pa 29 Febuluwale 2024 Mtsogoleri wa dziko la Zambia, Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Mwa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga cobzalidwa, pafupi-fupi miliyoni imodzi inapserera. Pamenepo maina a mapira, macewere, khobwe ndi cinangwa anamvekanso pakamwa pa akuru, cifukwa mbeu zimenezi zipirira dzuwa kuposa cimanga. Koma panali ena amene sanadikire cilala kuti awakumbukire. Pa sukulu ya ulimi ya Kasisi, pafupi ndi Lusaka, akhala aphunzitsa alimi kulima ndi manyowa, kusakaniza mbeu ndi kusunga zao. M'maboma ena magulu a alimi amanga tinyumba tosungira mbeu ta mudzi wonse, kumene munthu abwereka mbeu pobzala nabweza yocurukirapo atakolola. Ndipo pa zionetsero za mbeu akazi ayala nsaru pansi, naikapo timilu ta nzama zakuda ndi zofiira, nthanga, mawere ndi ngala za mitundu-mitundu, nasinthana.

Pa zionetsero zotere, makamaka za kumwera ndi pakati pa Zambia, sipalephera kuoneka cimanga coyera ca njere zazikuru zaphanthi-phanthi, cochedwa Gankata. Eni ace acicha ca makolo, acikonda pokazinga ndi pa nsima, ndipo acisunga okha caka ndi caka. Odziwa za mbeu akaciyang'ana aona nkhope ya Hickory King, cimanga cija ca m'mafamu a Azungu cimene anchito anabwera naco m'matumba a malaya. Capita m'manja mwa akazi mibadwo itatu kapena inai, casakanizika ndi mungu wa minda ya anansi, ndipo capacikidwa mu utsi.